Kachitsulo ka Ulusi Wofiira

1

Dzina langa ndine Enifa, wa kuno ku Domasi, kumunsi kwa phiri. Kusukulu sindinapondeko. Dzina langa litalembedwa pakhoma ndikhoza kulidutsa osalipatsa moni. Amene wandigwirira cholembera ndi mdzukulu wanga Tisungeni, wa Fomu 3. Ndamuuza kuti alembe zonse mmene zikutulukira m'kamwa mwangamu, asakonze, ndipo asandifunse kanthu mpaka nditamaliza. Wavomera akuseka, poti akuyesa ndi nkhani ya mijigo chabe yotumiza kumagazini. Nayenso sakudziwa kumene ikupita.

Anthu kuno amanditcha Anganga Samalani. Sindikwiya nazo. Mwana akanyamula mpeni ndimati samala. Mitambo ikada kuphiri ndimati musawoloke. Munthu akagula matemba kumsika wa pa Naisi ndimati nunkhizani kaye. Sekani ngati mukufuna, koma ine ndinabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo anayi ndinawaperekeza kumanda ndi miyendo yangayi. Amuna anga, a Zakaria, anatengedwa ndi mtsinje wa Domasi akuchokera kumunda wa mpunga, madzi ake ongolekeza m'chiuno. Chichokereni tsiku limenelo phazi langa silinapondenso tsidya lija.

Ananditsalira ana awiri: Christobel, mayi wake wa Tisungeniyu, ndi Kizito, chitsirizira changa. Christobel anandisiyira mwana n'kupita ku Blantyre kukasoka zovala. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza mpaka kumsewu, ndikumuchenjeza njira yonse. Minibasi itaima ndinanena mawu amene ndinkayesa kuti amutchinjiriza.

"Ukakatenga matenda aja kumeneko, usabwere nawo pakhomo panga. Ndatopa kugona pamphasa ya maliro a ana anga."

"Ndamva, mayi," anatero, n'kukwera.

Makalata anabwera zaka zitatu. Kenako anasiya.

2

Chaka chachiwiri chilowereni matipate, kunabwera bungwe lokumba mijigo m'chigwa muno. Atamaliza kukumba anasankha amuna awiri kukaphunzira kakonzedwe kake: Kizito wanga, ndi a Makaiko a tsidya lija. Aliyense anamupatsa njinga, masipanala ndi thumba la timalabala tosinthira. Wowayang'anira anali a Calvin, bambo wamfupi woyenda pa mthuthuthu, wokonda kulankhula akuloza munthu ndi kiyi.

A Calvin anadula chigwa pawiri. Kuchokera pa Naisi kutsika mpaka kumtsinje, dera la Kizito. Kuchokera kumtsinje kulowera ku Malosa, dera la a Makaiko. Koma poti dera la a Makaiko linali lalitali, anachotsako mjigo umodzi wa m'mbali mwa mtsinje, wa kwa Matuta, n'kuupereka kwa Kizito. Ine ndinakana pomwepo.

"Mwana wanga muzimuwolotsa mtsinje chifukwa cha mjigo umodzi?"

"Anganga, pajatu pali ulalo."

"Ulalo wa mitengo iwiri uja? Bambo ake anafera pomwepo."

"Mvula ikakula azizungulira kumsewu wa tala, pamlatho waukulu. Malire tadula kale, sasintha."

Lamulo lawo linali lolimba. Mjigo uliwonse unali ndi kachitsulo kake, kozungulira ngati ndalama yakale yobowoka pakati ija, kodindidwa nambala. Mjigo ukafa, a komiti ya m'mudzimo ankabweretsa kachitsuloko kwa wokonza wa dera lawo. Popanda kachitsulo wokonza sankaloledwa kutsegula mjigo, ndipo wa dera lina sankaloledwa kuukhudza ngakhale ludzu limuphe. Ankati kwinako okonza awiri anagwetsera ndodo zachitsulo m'dzenje, n'kumalozana zala chaka chathunthu anthu akumwa m'zithaphwi.

Tsono Kizito ankachoka m'mamawa n'kubwerera dzuwa litapendeka. Wolandira tizitsulo pakhomo akanakhala ndani? Ine, amene sindipita kulikonse. Anakhoma thabwa pakhonde, pathabwapo misomali isanu ndi umodzi, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

"Mayi, msomali uliwonse tizitsulo tiwiri basi. Kupitirira apo sindingakwanitse pa tsiku. Wa Loweruka muziusiya wopanda kanthu, ndi wa zadzidzidzi."

"Nanga manambalawa ndiwadziwa bwanji?"

"Manambala a chiyani? Inu mumadziwa tambala wa aliyense m'mudzi muno ndi kulira kokha."

Ndinamanga kachitsulo kalikonse ulusi wamtundu wake. Ka kusukulu wobiriwira, ka kumsika wakuda, ka kwa Matuta wofiira, poti ndinkakaona ngati ka ngozi. Ntchitoyo ndinaigwira bwino, ndisaname. Wofika poyamba ankapita pa msomali woyamba, kaya ndi mfumu kaya ndi wosauka. Ena ankabwera ndi nthochi kuti ndiwaike pa Lolemba. Nthochi ndinkadya, koma kachitsulo kankapita pamalo pake. A Calvin ankauza anzawo kuti ku Domasi kuli gogo wosadziwa kulemba koma thabwa lake silisokonezeka. Ndinkati ndikamva zimenezo mtima n'kumakoma. Ana anga, samalani ndi ntchito imene anthu akukutamandani nayo.

3

Wapampando wa komiti ya mjigo kwa Matuta anali Jacinta. Ndinkamudziwa ali kamtsikana, ankasewera fulaye ndi Christobel pabwalo langali. Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, ndipo dalaivalayo anadwala chaka chathunthu, n'kuonda, n'kupita. Nonse mukudziwa zaka zimenezi mmene zilili. Jacinta anatsala wamasiye, wowoneka bwino ndithu, mano oyera, khosi lalitali.

Mu Novembala anabweretsa kachitsulo kofiira. Patapita masabata awiri anakabweretsanso. Khirisimasi isanakwane, kachitatu. Mijigo ina inkatha miyezi inayi osadwala, koma wa kwa Matuta unkangofa ngati anapiye a m'dzinja.

Ndinayamba kuyang'anitsitsa. Kofiira kakakhala pamsomali, Kizito ankadya chakudya chamadzulo mosakhazikika. Tsiku lina akusamba ndinapisa dzanja m'thumba lake la ntchito. Pansi pa masipanala ndinapeza shuga, sopo, mafuta odzola ndi chitenje chatsopano.

Atatuluka ndinamufunsa, "Kodi mjigo wa kwa Matuta umamwa tiyi?"

"Mayi, m'thumba la ntchito musamapisemo."

"Umavalanso chitenje? Iwe Kizito, mwamuna wa mkazi uja anafa ndi chiyani? Ukufuna ndikuikenso iweyo?"

Anandiyang'ana ngati pali mawu amene akukankha kuti atuluke.

"Si zimene mukuganizazo."

"Nanga ndi chiyani?"

"Ndi ntchito," anatero, n'kukankha njinga.

Kumunda kwanga kwa mpunga, m'mbali mwa mtsinje, kuli chulu chachikulu. Ukakwera pamwamba pake umaona tsidya lija: mjigo wa kwa Matuta, ndi nyumba ya Jacinta chapafupi pomwepo. Tsiku limenelo ndinakwerapo. Ndinaona amayi akupopa, madzi akukhuthuka, ndowa zikudzaza. Mjigo wakufa uja unali wamoyo kuposa ine. Kizito anafika, mjigo osauyang'ana n'komwe, anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango n'kulowa kwa Jacinta.

Kuyambira pamenepo ndinkapita pachulupo pafupifupi tsiku lililonse, ati kukaingitsa mbalame. Ndinkaima n'kumayang'ana nyumba ija mtima ukuwira. Pakhonde pake pankakhala munthu atafunda bulangete mpaka kumutu, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndinkati ndi apongozi ake okalamba. Ndinkadabwa kuti munthu wamkulu akulekerera bwanji zonyansa zotere m'nyumba ya mwana wake womwalira.

4

Mu Januwale mvula inagwa masiku asanu osapuma. Mtsinje unakokolola ulalo uja, n'kusefukira m'minda, chulu changa n'kuzingidwa ndi madzi. Lachitatu masana, Kizito ali kuntchito, Tisungeni ali kusukulu, ndinamva odi. Anali Jacinta, matope mpaka m'mawondo. Anali atazungulira kumsewu wa tala, ulendo wa maola awiri ndi theka.

"Mayi, mjigo wafa."

"Wafanso?"

"Ulendo uno wafadi. Chogwirira chikungogwa chokha, madzi olo dontho."

"Ulendo uno? Nanga maulendo ena aja?"

Anayang'ana pansi. Ine ndinati eya, ndakugwira.

"Misomali yadzaza," ndinatero. "Mvulayi yawononga mijigo yambiri."

"Wa Loweruka uwo uli wopanda kanthu."

"Umenewo ndi wa zadzidzidzi."

"Mayi, anthu akutunga mumtsinje, madzi ofiira ngati thobwa la mawere. Zimbudzi zina zagwera momwemo. Zadzidzidzi zoposa apa ndi ziti?"

Ndinalandira kachitsuloko n'kukapachika pa Loweruka iye akuona. Anawomba m'manja, anathokoza, n'kubwerera mothamanga.

Atangokhota pa nsungwi paja ndinakachotsa. Ndinalowa m'nyumba, ndinamasula mkuzi wanga wa m'chiuno, n'kukamangirira pamenepo. Munthu akhoza kusanthula denga, nkhokwe, mitsuko yonse, koma m'chiuno mwa gogo safufuzamo.

Mumtima ndinkati ndikupulumutsa mwana. Ndinkati mjigowo sunafe, ndi bodza ngati kale. Pachulu sindikanatha kukaona chifukwa cha madzi. Kapena ndinene zoona: ndikanatha kutuma munthu akafunse. Sindinafune kudziwa.

Msomali wopanda kanthu unkandiopsa, poti Loweruka likakhala lomasuka Kizito akanatha kudzipitira yekha. Ndiye ndinapita kwa a komiti ya kusukulu.

"Mjigo wanu ukulira moipa. Samalani, ufa ana ali m'kalasi. Bweretsani kachitsulo."

"Aaa, anganga, umalira choncho chikhalire."

"Munthu amene akufa amayamba n'kubuula. Bweretsani."

Anabweretsa. A kumsika ndinawaopsezanso chimodzimodzi. Loweruka linadzaza. Lamulungu m'mawa ndinadzigoneka pamphasa, ndikugwira pachifuwa, ndikuti mtima ukuthamanga, mpaka Kizito anakhala pambali panga tsiku lonse akundiphikira phala.

Madzulo ake anaima pathabwa paja, akuwerenga misomali ndi chala.

"Kofiira sikanabwere?"

"Sikanabwere."

Anapuma mpweya wautali. "Ndiye kuti kuli bwino."

Anapita kukasamba akuimba mluzu. Ine ndinadabwa pang'ono. Mwamuna wosowa chibwenzi chake samasangalala chotero. Koma kudabwako ndinakumeza.

5

Lachiwiri Jacinta anabweranso, nthawi yomwe ija ya masana. Maso ake anali atalowa m'kati.

"Mayi, Loweruka tinadikira mpaka dzuwa kulowa."

"Kunagwa zina zofulumira."

Anayang'ana pathabwa. "Kachitsulo kathu kali kuti?"

"Kizito anatenga. Kali m'thumba mwake. Abwera akapeza mpata."

"Ndinapita kwa a Makaiko dzulo. Ati si dera lawo, ndipo popanda kachitsulo sangamasule olo nati imodzi, angachotsedwe ntchito. Ati ndikabwera nako akhoza kukapempha chilolezo kwa a Calvin. Chonde, ngati achimwene atanganidwa, ndibwezereni."

"Ndati kali m'thumba mwake. Ukufuna ndikatulutse kuti?"

Ndikulankhula choncho kachitsuloko kankandizizira pakhungu.

"Ndiye ndiwadikira pano."

"Sudikira pakhomo panga, iwe. Ukuyesa sindikudziwa? Ndinakuonani ndi maso angawa. Mjigo ukutulutsa madzi, iwe n'kumatumiza kachitsulo ngati kalata ya chibwenzi. Unaika mwamuna wako, tsopano ukufuna uike mwana wanga?"

Jacinta anakhala pansi pa dothi lonyowalo.

"Mayi, kudikira sindingathenso, ndasiya wodwala yekha. Nkhuni zonse zanyowa, ndikulephera kuwiritsa madzi okwanira. Ana atatu ayamba kale kutsegula m'mimba. Mukanadziwa amene akumwa madzi amenewo..."

"Ndani?"

"Ndinalumbira."

"Pita nako kulumbira kwako."

Anadzuka. Atafika pa nsungwi paja anacheuka. "Muwauze achimwene kuti ulendo uno ndi zoona. Mawu okhawo basi."

Sindinamuuze.

6

Loweruka lotsatira, tsiku la khumi ndi limodzi chilandirireni kachitsulo, Tisungeni anali atalawirira kuchigayo. Kizito ankapopa njinga pabwalo. Tinangoona a Makaiko atulukira, thukuta lili kamukamu, njinga n'kuiponya pansi.

"Kizito! Iwe uli pano ukupopa matayala, kwa Matuta mudzi wonse ukutsegula m'mimba? A zaumoyo ati ndi kolera. Mwana wa Alima wamwalira dzulo. Mjigo wako wakhala wakufa masiku khumi!"

"Wakufa? Kachitsulo sikanabwere!"

"Jacinta akuti anabweretsa. Ine sindikudziwa. Ndikanaukonza, m'bale wanga, koma lamulo ukulidziwa."

Kizito anayang'ana pathabwa. Kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku.

"Ndipo mlendo wa kwa Jacinta uja," a Makaiko anapitiriza, "wa bulangete uja, ali mwakayakaya."

Pampu inagwa m'manja mwa Kizito.

"Achemwali!"

"Achemwali ako ati?" ndinafunsa.

"A Christobel, mayi! Ali kwa Jacinta chiyambire Okutobala. Anabwera akudwala. Anati munawaletsa kubwera nawo matendawo pakhomo panu. Anatilumbiritsa tonse awiri. Akafuna mankhwala kapena kundiona, Jacinta ankatumiza kachitsulo, poti inu simukanandilola kuwoloka popanda chifukwa. Chitenje chija chinali chawo, mayi. Shuga uja anali wawo!"

Anadumphira panjinga, tayala limodzi lili losapopa bwino, n'kupita.

Lemba, mwana wanga. Usaime. Tinapangana kuti sundifunsa.

Ndinathamanga kumtsinje, duku litagwa m'njira. Madzi anali atatsika, ankalekeza m'mawondo. Amuna awiri ankawoloka ndi matumba pamutu. Mmodzi anati, "Bwerani anganga, tikugwirani dzanja." Ndinavula nsapato. Ndinaika phazi limodzi m'madzi. Ndinaona a Zakaria akutembenuzika m'madzi ofiira aja, ndipo phazi linabwerera lokha. Ndinayesa katatu. Mwana wanga anali kutsidya, pamtunda woti tambala akalira umamva, ine ndili chiimire pamchenga, nsapato m'manja.

Dzuwa lili pamutu ndinamva kulira kukuchokera kunyumba ya pamtengo wa mango.

Thupi la mwana wanga analibweretsa m'mawa mwake pagalimoto ya a zaumoyo, kuzungulira kumsewu wa tala, litakulungidwa mupulasitiki. Sanatilole kutsegula. Nkhope ya Christobel ndinaiona komaliza pawindo la minibasi.

7

Patapita sabata a Calvin anaitanitsa msonkhano pakhonde langa lomweli. Kunabwera a komiti ya kwa Matuta, a Makaiko, ndi Alima amene anataya mwana, mkaka ukadali kunyowetsa bulauzi.

"Anthu awiri amwalira, asanu ndi atatu anagonekedwa," anatero a Calvin. "Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Kachitsulo kali kuti?"

Jacinta anaimirira. "Ndinakapereka m'manja mwa mayiwa, Lachitatu masana. Anakapachika pa Loweruka ine ndikuona."

"Panali mboni?"

"Tinali awiri."

A Calvin anatembenukira kwa ine, kiyi ili m'manja. "Anganga?"

Ndinali nditavala zoyera za Mvano. Kachitsulo kanali m'chiuno, pansi pa zoyerazo. Kizito anali atakhala pa mtondo, mutu uli pansi. Tisungeni anali pakhomo la khitchini, maso otupa, akundiyang'ana. Ndinaganiza kuti ndikanena zoona, ana awiriwa andithawa, ndifa ndekha m'nyumba muno.

"Kubwera anabwera," ndinatero, "koma kachitsulo sindinakaone. Mwina anagwetsa m'matope."

"Mayi!" Jacinta anafuula.

A Calvin anatsegula buku lawo. "Mayi Jacinta, mu Novembala ndi mu Disembala munatumiza kachitsulo katatu. Amayi a m'mudzi mwanu akuti mjigo sunafe masiku amenewo. Zoona?"

"Zoona, koma..."

"Ndiye tikhulupirire ndani? Wonama katatu, kapena gogo amene thabwa lake silinasokonezekepo?"

Alima anadzuka n'kuloza Jacinta kumaso. "Unkasewera ndi kachitsulo ka mudzi ngati ka kwanu, mpaka kutaya! Mwana wanga wapita chifukwa cha iwe!"

A Calvin anamuchotsa Jacinta pa komiti tsiku lomwelo. Anadzudzulanso Kizito pagulu, mjigo wa kwa Matuta n'kuubwezera kwa a Makaiko. Malire amene ankati sasintha aja anasintha ndi mzere umodzi wa cholembera. Chimene ndinkachifuna kuyambira pachiyambi ndinachipeza: mwana wanga sanawolokenso mtsinje.

Anthu akubalalika, Jacinta anabwera pamene ndinakhala. Ndinayesa andimenya. Anagwada, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Mayi, achemwali ankakuonani pachulu paja. Tsiku lililonse ankandiuza kuti ndiwatulutse pakhonde nthawi yanu isanakwane. Ankati, 'Mayi adziwa kuti ndili pano. Madzi amawaopa, ndiye akubwera kudzandiona patali.' Ankasangalala, mayi. Sindinawauze kuti mukuyang'ana ine. Za kachitsulonso sindinawauze. Apita akudziwa kuti munawakhululukira."

Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kumapita.

M'mawa mwake Kizito anatenga hamala, anazula thabwa lija pakhonde, n'kukalikhoma pa golosale ina pa Naisi. Sanandifunse kanthu. Mpaka lero sanandifunsepo. Amandigulira sopo, amandipatsa moni, koma m'maso sandiyang'ana.

8

Papita zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi. Kwa Matuta Jacinta amatunga madzi pomaliza, ena onse atachoka. Kumaliro amakhala payekha. Amuna awiri anamufunsira, achibale awo n'kuwaletsa, ati mkazi wopha mudzi. Ine ndimapita ku Mvano Lachinayi lililonse, ndimaimba, ndimapempherera odwala. Kachitsulo kaja kandidya khungu, pali chipsera chozungulira chimene palibe anachionapo.

Sabata yatha tinapita kumsika pa Naisi ndi Tisungeni. Jacinta anali atayala tomato. Atamuona mwanayu anamwetulira, n'kusankha tomato atatu akuluakulu kuti amupatse.

"Tisu, wakula bwanji! Nkhope ya mayi ako yeniyeni."

Tisungeni anabisa manja kumbuyo. "Musatchule mayi anga. Munawabisa, munawamwetsa madzi a mumtsinje, munawapha. Tomato wanuyo mudye nokha."

Msika wonse unacheuka. Jacinta anangondiyang'ana ine, tomato ali m'manja. Mkazi amene anasambitsa mwana wanga miyezi inayi, amene anamuchapira zoipa zonse, amene anayenda m'matope kawiri kudzandipempha madzi. Ine ndinati, "Tiye, mwana wanga, dzuwa latentha."

Ndiye chifukwa chake ndakukhazika pansi lero ndi cholembera.

Inu amene mukuwerenga magazini ino, ndine wokalamba wosaphunzira, koma mverani. Ena mwa inu mwagwira misomali ya anthu: mumapereka manambala pamzere, mumalemba amene aonedwe lero ndi amene adikire, mumanena kuti uyu ndi wa dera lathu, uyu si wathu. Samalani. Wobwera kudzapempha malo simudziwa wasiya ndani kunyumba. A Makaiko anasunga malire, a Calvin anasunga buku, onse anachita monga mwa lamulo, ndipo lamulolo linatsamira pa gogo mmodzi amene palibe anaganiza zomuyang'anira. Ndiponso inu amayi anzanga ochenjeza, yesani kaye mawu anu musanawaponye pawindo la minibasi. Mwana amaiwala machenjezo zana, n'kusunga limodzi lomwe lija loipa. Ine ndinachenjeza anthu za mipeni, za mitambo, za matemba. Za Enifa sindinachenjeze aliyense.

Ndamasula mkuzi. Kachitsulo kali pamphasa, pakati pa ine ndi mdzukulu wanga. Ulusi wake unasiya kale kufiira. Tisungeni anasiya kulemba, anatuluka, anakakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka mthunzi wa mpapaya unafika pakhonde. Ndinati basi, sabweranso. Wabwera, watola cholembera. Sanandiyang'ane. Wangoti timalize.

Ndamufunsa ngati angapite nako kachitsuloka kwa Jacinta, pamodzi ndi mapepalawa, akawerenge pamjigo anthu onse akumva, Alima ali pomwepo. Wakana. Wati kuwerenga akawerenga, koma iye adzera kumsewu wa tala ndi amalume ake. Kachitsulo ndinyamule ndekha, ndipo ndidzere njira imene mayi ake ankayang'ana.

Ndi Okutobala, madzi ndi a mu akakolo chabe, ana amawoloka akusewera. Komabe ndamupempha kuti mwina andigwire dzanja pamadzi pokhapo.

Wati ayi.

Mawa ndi Loweruka, tsiku la zadzidzidzi. Nsapato ndazisiya pakhomo.